Gamera: Mbiri ya Fulu Amene Anasanduka Mlezi wa Ana

Pa 27 Novembala 1965, kampani ya Daiei ya ku Japan inatulutsa filimu yotchedwa Daikaijū Gamera. Inali ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yopangidwa ndi ndalama zochepa, ndipo woitsogolera, Noriaki Yuasa, anali ndi zaka 32 zokha. Nkhani yake njosavuta kuitsata. Ndege yonyamula bomba la nyukiliya igwa m'dera la madzi oundana la Arctic, ndipo kuphulikako kudzutsa fulu wamkulu zedi, wa mano awiri aatali otuluka m'chibwano. Fuluyo amadya moto ndi kulavula moto. Akabweza miyendo m'chigoba, malawi amatuluka m'mabowomo ndipo amauluka akuzungulira ngati nguli. Ataphwasula mzinda wa Tokyo, akatswiri amutsekera m'roketi n'kumutumiza ku Mars.

Palibe amene anabisa gwero la maganizowa. Mu 1954 kampani ya Toho inali itatulutsa Gojira, amene maiko ena amamudziwa kuti Godzilla, m'chaka chomwe phulusa la bomba limene America inayesa ku Bikini linagwera asodzi a m'bwato la Daigo Fukuryū Maru. Daiei inkafuna chilombo chakechake. Inayamba yayesa filimu ya makoswe akuluakulu, Nezura, pogwiritsa ntchito makoswe enieni, koma utitiri ndi mantha a matenda zinaimitsa ntchitoyo. Fulu anabwera kudzalowa m'malo mwa makoswewo.

Dzina lenilenilo likuyenera kuunikidwa. M'Chijapani fulu ndi kame (kufanana kwake ndi kamba wathu kunangochitika mwamwayi, pasapezeke womanga chiphunzitso pamenepa). Mphatikiram'mbuyo -ra alibe tanthauzo lakelake. Anachokera ku Gojira, dzina losakaniza gorira, nyani wamkulu uja, ndi kujira, namgumi. Ndipo pofika 1961, pamene kunabwera Mosura, omvera anali atazolowera kuti -ra ndi chizindikiro cha chilombo. Chochititsa chidwi kwambiri ndi kusintha kwa k kukhala g. Malembo awiriwa amatchulidwira malo amodzi m'kamwa, koma potchula g kholingo limanjenjemera, ndipo m'mvekero za Chijapani kunjenjemerako kumapereka chithunzi cha kukula ndi kulemera: korokoro ndi kugubuduka kwa kanthu kakang'ono, gorogoro ndi kwa chimwala kapena kugunda kwa bingu. Polemba, kusiyanako ndi timizere tiwiri pamwamba pa chilembo. Ntchito imene Chichewa chimaipereka kwa mphatikiram'tsogolo chi-, posandutsa njoka kukhala chinjoka, Ajapani anaipereka kwa timizere timeneto.

Dzina lolemera chotere linkalonjeza chilombo choopsa, koma pasanathe zaka zitatu Gamera anali atasanduka bwenzi la ana. Chifukwa choyamba chinali cha m'thumba. Mu 1958 matikiti a kanema ogulitsidwa ku Japan anaposa 1.1 biliyoni, pofika 1965 wailesi yakanema inali italowa m'makomo ndipo chiwerengerocho sichinkafikanso ngakhale theka. Daiei, kampani yomwe inapanga Rashomon ya Akira Kurosawa, imene inapata mphoto yaikulu ku Venice mu 1951, inkaona mipando ikutsala yopanda anthu. Amene ankabwerabe mokhulupirika anali ana. M'filimu ya 1965 muli kachigawo kamene Gamera awakha mnyamata Toshio akugwa kuchokera pansanja younikira zombo, ndipo kachigawoko kanadzakhala maziko a zonse zotsatira. Filimu yachiwiri, ya 1966, yomwe Gamera alimbana ndi Barugon, inapatsidwa kwa Shigeo Tanaka ndi ndalama zochulukirapo, ndipo inalunjika kwa akuluakulu. Mu 1967 udindo unabwerera kwa Yuasa, iye n'kuika mwana pakati pa nkhani.

Kuyambira pamenepo filimu inkatuluka chaka ndi chaka, iliyonse ndi mdani wake: Gyaos mu 1967, Viras mu 1968, kenako Guiron, Jiger ndi Zigra mpaka 1971. Ndalama zinkacheperachepera, moti zigawo za mafilimu akale ankazibwereza m'mafilimu atsopano. Pofuna msika wa wailesi yakanema ku America, mwana wa Chijapani ankamuphatikiza ndi mnzake wachizungu. Mu Disembala 1971 Daiei inagwa ndi ngongole. Filimu ya 1980, yosokedwa ndi zigamba za mafilimu akale, njosafunika kuitayira nthawi.

Openda mafilimu ambiri amaseka nyengo imeneyi, ndipo zoseketsa zilipodi. Komabe ndikuona kuti malonda okha safotokoza zonse. M'mafilimu a Yuasa ndi mlembi wake Niisan Takahashi, akuluakulu a asilikali ndi akatswiri a sayansi amaphonya kawirikawiri, pamene mwana, amene poyamba palibe womumvera, ndiye amazindikira choonadi. Yuasa anali ndi zaka 11 pamene nkhondo inkatha mu 1945. M'badwo wake unaona aphunzitsi omwe dzulo ankalemekeza nkhondo akulamula ana kudetsa ndi inki mizere ya m'mabuku awo omwewo. Kwa anthu okula chotero, mtetezi amene si boma, si msilikali, si kholo, sanali loto lachibwana. Fulu ankayeneranso udindowo: m'chikhulupiriro chakale chochokera ku China, Genbu, fulu wakuda wozengedwa ndi njoka, ndiye mlonda wa kumpoto.

Funso limene Yuasa sanafunse linadikira mpaka ana aja atakula. Pa 11 Malichi 1995, patatha milungu yosakwana isanu ndi itatu chichitikireni chivomerezi cha ku Kobe, ndipo kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti gulu la Aum Shinrikyo lithire mpweya wapoizoni m'sitima za pansi pa nthaka ku Tokyo, kunatuluka filimu yoyamba mwa zitatu za Shusuke Kaneko, zolembedwa ndi Kazunori Itō. Muno Gamera si mwana wa bomba ayi. Anapangidwa ndi mtundu wakale wa anthu kuti ateteze dziko lapansi, ndipo dziko lapansi si chimodzimodzi ndi anthu okhalamo. Filimu yachitatu, ya 1999, ndiyo yolimba mtima koposa. Mtsikana Ayana anataya makolo pamene Gamera anagumula nyumba yawo polimbana ndi Gyaos, ndipo udani wake ndiwo ulera chilombo china, Iris. Pankhondo ya ku Shibuya kamera ikhala pansi, pakati pa khamu, ndipo tiona anthu akupsa ndi moto wa mpulumutsi wawo. Mwana mmodzi apulumutsidwa, miyandamiyanda ifa, ndipo filimuyo simuuza woonera kuti awerengere bwanji.

Kampani ya Kadokawa, imene inatenga Daiei mu 2002, inabwezera Gamera kwa ana m'filimu ya 2006, ndipo mu 2023 anaonekanso m'zigawo zisanu ndi chimodzi za makatuni pa Netflix. Koma nkhani ya Kaneko inalekezera pomwe inalekezerapo mu 1999: Gamera, atadziphulitsa dzanja lamanja kuti agonjetse Iris ndi kupulumutsa Ayana yemweyo, akuyenda m'mzinda wa Kyoto ukuyaka, gulu la a Gyaos likubwera m'mlengalenga, ndipo chithunzi chizima nkhondoyo isanayambe.