Mtchona ndi Mau Ena a Paulendo

Ndili mwana ndinkayesa kuti "Mtchona" ndi dzina la agogo anga aamuna, pakuti agogo aakazi sankawatchula dzina lina. Iwo anakwera ndege ya Wenela pa Chileka mu 1972, ndipo kufikira lero sitinaone ngakhale kalata yao. Nditafika pano pa koleji, ndinati ndilondole kumene mau amenewa anachokera.

Ndinapeza kuti "kutchona" nakonso nkobwera. Mu Chindebele ndi Chixhosa, "tshona" ndiko kulowa kwa dzuwa kapena kumira m'madzi. Mauwa anafika kuno pakamwa pa amene anabwerako, natipatsa dzina loitanira amene sanabwere.

Mau ena ndi maina achizungu amene lilime lathu linawafewetsa. "Joni" ndi Johannesburg. "Wenela" ndi Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba anthu okakumba golide. Ndege yake itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi 74, Dr Banda analetsa kulembako. Kunayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, imene ife timati "Theba", mpaka mu 1988. Munthu wopita yekha, osalembedwa ndi bungwe, ankati wapita pa "selefu".

Njira ya ku Southern Rhodesia inali ndi mau ake, ena okoma ngati uchi. Malole a boma la kumeneko otenga antchito osalipira ankatchedwa "Ulere", ndipo bungwe lolemba anthu linali "Mthandizi". Koma kumigodi ndi kumafamu, ntchito yokakamiza ya pa kontirakiti ankaitcha "chibalo". Lero mphunzitsi akamapatsa mwana wochedwa chibalo chosesa pabwalo, kodi amadziwa kuti mauwo ananyamula thukuta la agogo ake?

Tsono ndaona kuti mau alionse ali ndi mwini wake. "Chibalo" ndi mau a wogwira ntchito. "Mtchona" ndi mau a wotsala: mkazi amene analima munda yekha, nalera ana yekha. Palibe munthu amadzitcha yekha mtchona, ndipo mbali ya agogo aamuna ija sitinaimve.

Patchuthi ndinawafotokozera agogo za kulowa kwa dzuwa kuja. Anakhala chete akusenda nthochi, kenaka anati, "Iwe, dzuwatu limatulukanso mmawa." Sindinadziwe ngati akuwadikirabe kapena akuwatsutsa.