Zathu: sewero la pa wailesi ndi nyimbo zolimbikitsa atsikana

Zathu ndi dzina la gulu la achinyamata oyimba ndi kuchita sewero la pa wailesi, limene linakhazikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 2017 ndi bungwe la Girl Effect. Ndalama zoyambira ntchitoyi zinachokera ku boma la America kudzera m'ndondomeko ya DREAMS, imene cholinga chake chinali kuchepetsa kufala kwa kachilombo ka HIV pakati pa atsikana ndi amayi achichepere. Bungweli lisanafike kuno linali litayesa kale njira yotereyi ku Rwanda ndi magazini ya Ni Nyampinga m'chaka cha 2011, ndiponso ku Ethiopia ndi gulu la Yegna m'chaka cha 2013.

Kuti timvetse chifukwa chake ntchitoyi inafunika, tikumbukire mmene zinthu zinalili pa nthawiyo. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linali litaika kale zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisakhalenso khomo lokwatitsira ana. Koma lamulo limalembedwa ku Lilongwe, pamene mtsikana amakulira pakhomo pomwe akumuuza kuti ntchito yake ndi mtondo ndi mtsuko, ndi kuti kuyankha mafunso m'kalasi pamaso pa anyamata n'kudzikweza. Maganizo otere apolisi sangawamange.

Apa ndi pamene Zathu inalowera. Pulogalamu ya Zathu pa Wailesi inkasimba za moyo wa achinyamata asanu ndi mmodzi: atsikana atatu, Annetti, Mphatso ndi Chikondi, ndi anyamata atatu, T-Kay, JP ndi Xander. Gulu la Yegna linayamba ndi atsikana okhaokha asanu. Kuno anasankha kuphatikiza anyamata kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndikuona kuti nzeru yeniyeni ya ntchitoyi inagona pamenepa. M'madera ambiri mwana akangotha msinkhu, kucheza kwa mnyamata ndi mtsikana kumayamba kuonedwa ngati chibwenzi basi. Chotsatira chake n'chakuti awiriwa amakula osadziwana, ndipo amadzakumananso pa nkhani za chibwenzi zokhazo zimene akulu ankaopa. Seweroli linkaonetsa kuti ubwenzi waulemu ndi wotheka: kuphunzira limodzi, kukangana, kupepesana ndi kutetezana. Mnyamata womvera ankaona mnzake akuchita zimene kwawo amati n'zochititsa manyazi, koma osataya ulemu wake.

Omvera sankalamulidwa chochita. Ankatsatira munthu amene amukonda akulakwitsa ndi kukumana ndi zotsatira zake, monga mmene nthano za madzulo zinkachitira kale, ndipo nyimbo za gululi zinkanyamula uthengawo kufika nawo kumene pulogalamu sinamveke. Aliyense amene anaphunzitsapo achinyamata akudziwa kuti nkhani yovuta imayambika msanga mukafunsa za munthu wa m'sewero kusiyana ndi kuloza chala mwana amene wakhala patsogolo panu. Pamene boma linayamba kupereka katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero kwa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, dzina la Zathu linagwiritsidwanso ntchito pofotokozera ana ndi makolo za katemerayu.

Njirayi ili ndi malire ake. Sewero silimanga malo ogona atsikana pasukulu, silipereka fizi, ndipo zotsatira zake n'zovuta kuziyeza, popeza maganizo a mudzi amasintha pang'onopang'ono komanso pa zifukwa zambiri. Vuto lina ndi kudalira thumba la kunja. Mu Januwale 2017 boma la Britain linaleka kuthandiza Yegna, nyuzipepala zina za kumeneko zitadandaula kuti msonkho wa anthu ukuthera pa gulu loyimba, ngakhale kuti oyendetsa ntchitoyo ankanena kuti nyimbozo zinali njira chabe yofikira atsikana a ku Ethiopia.