Buledi wa mafumu, kuchokera ku Alcoy mpaka ku Indiana

Ikamafika sabata yoyamba ya Januwale, Amalawi a ku South Bend amakhala atabwerera kale kuntchito, za Khirisimasi ataiwala. Koma m'mabekari a anthu ochokera ku Mexico, mumsewu wa Western Avenue ku South Bend komweko kapena wa West Washington ku Indianapolis, m'pamene malonda amatentha. Akugula buledi wopindidwa ngati nkhata, wotchedwa rosca de reyes, wodya pa 6 Januwale, tsiku la Epifaniya, lokumbukira anzeru a kum'mawa amene anakaona mwana Yesu.

Mwambowu kwawo ndi ku Spain. Uthenga wa Mateyu umangokamba za anzeru a kum'mawa, osatchula kuti anali angati kapena kuti anali mafumu. Akhristu anawerenga mphatso, golide, lubani ndi mure, n'kuti alendowo analinso atatu, ndipo pambuyo pake anawatcha mafumu n'kuwapatsa maina: Melchor, Gaspar ndi Baltasar. Sewero lakale kwambiri m'Chisipanishi, Auto de los Reyes Magos, la m'zaka za m'ma 1100, limasimba za iwowa.

Mukafunsa agogo a ku Spain za ubwana wawo, ambiri amayambira pa usiku wa 5 Januwale. Amakumbuka kupukuta nsapato n'kuzisiya pazenera, pambali pali madzi oti ngamira za mafumu obweretsa mphatso zimwe. Tulo sitinkabwera. Mwana wosamvera ankaopsezedwa kuti apeza makala m'malo mwa mphatso, ndipo lero makalawo amapangidwa ndi shuga. Mumzinda wa Alcoy mafumu anayenda koyamba mumsewu mu 1866, ndipo kuyambira mu 1885 ulendowo unakhazikika. Mpaka pano atumiki awo amatsamiritsa makwerero pamakoma, n'kukwera kukapereka mphatso m'manja mwa ana pamakhonde a nyumba zosanja. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri: akulu a mzinda wonse kugwirizana kuti mwana aone ndi maso ake zimene wakhala akumva kutchalitchi.

Amishoni a ku Spain anaolotsa mwambowu kupita ku Mexico, ndipo a ku Mexico ndiwo anafika nawo ku Indiana. Parishi ya St. Adalbert ku South Bend, imene anayambitsa anthu ochokera ku Poland mu 1910, lero imadzaza ndi mabanja opemphera m'Chisipanishi.

Pamalire, zambiri zinatsala. Ku Spain 6 Januwale ndi tchuthi. Ku Indiana ndi tsiku lantchito, ndipo Akatolika a kumeneko amakumbukira Epifaniya Lamulungu. Chimene chinafika chathunthu ndi buledi uja. Ku Spain amabisamo kachidole ndi nyemba, wopeza nyemba ndiye amalipira. A ku Mexico amabisamo kafano ka mwana Yesu. Madzulo, chisanu chitayeretsa panja, banja limazungulira tebulo, aliyense n'kudzichekera yekha. Amene kafanoko kamugwera amakhala ndi ngongole: pa 2 Febuluwale aphikire onsewo tamales, chakudya cha ufa wachimanga chofutsidwa m'makoko, chofanana pang'ono ndi mkate wathu wa m'masamba a nthochi.