Zuze ndi Masiku a Ndeke

Senderani kuno kumoto, adzukulu anga, ndikuuzeni za masiku amene kulira kwa ndeke kunkatithamangitsira kutchire.

Ife a ku Nyimba ndi Petauke, Mozambique tili naye pakhomo. A FRELIMO atayamba kumenya nkhondo ku Tete mu 1968, utsi wake unafika mpaka kuno. Apwitikizi ankati omenyera ufuluwo akubisala m'midzi mwathu. Mu 1969 anaponya mabomba pamudzi wa Lote ku Katete, mlandu n'kukafika ku United Nations, kumene Portugal anadzudzulidwa. Mkokomo ukangomveka kumwamba, agogo anu ankakwatula mwana, makasu n'kutsala m'munda. Dziko lathu la Zambia tinali titalitenga mu 1964, koma thambo linali lidakali la eni ake. Ngakhale ZAF, gulu lathu lankhondo la mumlengalenga, ankalilamulira azungu a ku Britain.

Ndiye mu 1972 a Pulezidenti Kaunda anapereka mpandowo kwa a Peter Zuze, munthu wakuda woyamba kulamulira ZAF. Tinamva pa wailesi, ndipo akuluakulu ena anakana kukhulupirira kuti mwana wobadwa ngati ife angauze ndeke kopita. Ndeke zake zinali zochepa, zogula ku Italy ndi ku Yugoslavia, koma zinali zathu. Mu 1977 anakwezedwanso, nakhala mkulu wa asilikali onse a dziko lino.

Apo ndi pamene panagwa tsoka. Pa 19 October 1978 ndeke za boma la azungu la Ian Smith zinaphulitsa msasa wa anthu a mdani wake Joshua Nkomo ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndipo anafa anthu mazanamazana. Woyendetsa ndeke wa Smith, wodzitcha Green Leader, anachita kulamula pabwalo la ndeke la Lusaka kuti ndeke zathu zisadzuke, zikadzuka azigwetsa. Manyazi a tsikulo ndimawamvabe. Anthu anatukwana asilikali athu m'mabasi ndi pamowa. Ine sindinatukwane nawo. Anyamatawo anali atangophunzira kumene, pomwe adani awo anali akuuluka kuyambira kalekale.

A Zuze anadzavula yunifomu n'kukhala kazembe. Ku New York anaimira Zambia ku United Nations, ndipo anatsogolera khonsolo yoona za Namibia, pamene dzikolo linali m'manja mwa Mabunu a ku South Africa. Munthu amene anaona adani akuuluka momasuka pamwamba pa kwawo, tsopano ankawapanikiza ndi pakamwa, pamaso pa mayiko onse.

Zaka zomwezo kuno tinkalandira abale a ku Mozambique othawa zigawenga za RENAMO, omwe boma linawapatsa malo ku Ukwimi kuyambira 1987. Namibia analandira ufulu pa 21 March 1990. Tsikulo wailesi yanga ndinaiika pachitsa, ndipo tinamvera limodzi ndi bambo wina wa ku Tete amene ankadikirabe kubwerera kwawo.