Kulinganiza Makina Ofufuzira Zitsulo pa Dothi la Mchenga

Kulinganiza makina ndi nthaka, kumene eni ntchitoyi amakutchula kuti ground balance, ndi kutchera makina ofufuzira zitsulo kuti asalire chifukwa cha dothi lenilenilo, koma chifukwa cha chitsulo chokwiririka m'dothimo. Dothi lambiri lili ndi timiyala tachitsulo tosaoneka ndi maso, makamaka magnetite ndi maghemite, ndipo lina lili ndi mchere. Zonsezi makina amazimva. Mchenga woyera, umene mbali yake yaikulu ndi quartz, uli ndi zinthuzi pang'ono chabe, choncho ntchito yolinganiza imachepa. Nthawi zambiri pamchenga wotere makina amagwira bwino akasiyidwa mmene anawatcherera ku fakitale.

Mmene makina amamvera dothi

Makina ofala kwambiri ndi a mtundu wa VLF, amene mafunde ake amakhala pakati pa 3 ndi 30 kHz. M'mbale imene imayendetsedwa pamwamba pa dothi muli makoilo awiri: ina imatumiza mphamvu ya maginito pansi, inzake imamvetsera zobwerera. Mphamvuyo ikakumana ndi mphete kapena khobidi, chitsulocho chimabweza mphamvu yakeyake mochedwerako pang'ono, ndipo kuchedwako n'kumene kumathandiza makina kusiyanitsa siliva ndi msomali. Dothi nalo limabweza mphamvu. Pa katondo, kulira kwa dothi kumatha kuposa kutalitali kulira kwa khobidi, chifukwa dothi ladzaza pansi ponse pa mbale pomwe khobidi ndi kanthu kakang'ono. Kulinganiza ndi kuyeza kabwezedwe ka dothilo, kenako n'kuuza makina kuti azikanyalanyaza. Luso limeneli linayamba kufala cha pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndi lomwe linatsegula malo ambiri amene makina akale ankalephera.

Opanga makina amatsata njira zinayi. Makina ena, monga Garrett Ace 250, anatcheredweratu ndipo mwini wake alibe poti asinthe. Ena amalinganizidwa pamanja, ena amadziyeza okha batani likadinidwa, ndipo ena amatsatira dothi mosalekeza munthu akamayenda, njira yotchedwa tracking.

Kachitidwe kake

Choyamba ndi kupeza malo opanda chitsulo chilichonse. Pamenepo mbale imatsitsidwa ndi kukwezedwa mobwerezabwereza, kuchoka pa masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa dothi kufika pa 15 kapena 20, osaigunditsa pansi. Wolinganiza pamanja amamvetsera kamawu kong'ung'udza kamene makina amatulutsa chapansipansi. Kakamakwera mbale ikamatsika, kapena kakamazimirira, ndiye kuti sizinalingane, ndipo amasintha pang'onopang'ono mpaka kamawuko kasiye kusinthasintha. Akatswiri ambiri amakonda kusiya pamene kamawuko kakukwera pang'ono kwambiri mbale ikamatsika, poti kutero sikubisa zitsulo zozama.

Chimene chimasintha pamchenga

Njira yonseyi imadalira kuti dothi liyankhe. Mchenga wa quartz suyankha mokwanira. Quartz sakokedwa ndi maginito ndipo salola magetsi kudutsa, moti kwa makina, mchenga wouma woyera susiyana kwenikweni ndi mpweya. Mchenga wa ku Siesta Key ku Florida, umene pafupifupi 99 peresenti yake ndi quartz, ndi chitsanzo chodziwika.

Zotsatira zake zimadabwitsa ongoyamba kumene. Munthu amatsitsa ndi kukweza mbale, kamawu osasintha, kaya apotokolere chosinthira uku kapena uko. Makina odziyeza okha amatha kukana kumaliza, kapena kupereka nambala ina pano, inanso yosiyana kwambiri pa mapazi ochepa chabe. Ambiri amafulumira kuganiza kuti makina afa. Sanafe: akusowa choti ayeze. Mpofunikanso kudziwa kuti nambala ya ground balance imanena za mtundu wa dothi, osati kuchuluka kwa timiyala tachitsulo. Kuchulukako makina ena, monga Fisher F75 ndi Teknetics T2, amakuonetsa padera pa mizere yolembedwa Fe3O4. Mizereyo ikakhala pansi penipeni, nambala inayo ilibe tanthauzo lalikulu, ndipo kuilondalonda n'kutaya nthawi.

Choopsa chenicheni ndi kukakamiza. Makina akasowa dothi loti amve, amagwira chilichonse chomwe chili pafupi: kachidutswa ka msomali wadzimbiri, kawaya, ngakhale zitsulo za pansapato za mwini wake. Akalinganizidwa pamwamba pa chinthu chotere, amayamba kutenga chitsulo ngati dothi, ndipo munthu amatha kuyenda tsiku lonse akuponda zinthu zimene makina akanazimva. Tracking ili ndi vuto lofanana. Mbale ikadutsitsidwa kangapo pa chinthu chozama cholira motsika, makina amatha kuchiyesa dothi n'kuchifafaniza. Tracking ndi yothandiza m'malo okumba golide, kumene dothi limasintha pafupipafupi, koma pamchenga woyera phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi zimene ingabise.

N'chifukwa chake opanga ena amasiyiratu poyambira pabwino. Makina a Minelab Equinox, amene anayamba kugulitsidwa mu 2018, amabwera ndi ground balance ya 0 pa makonzedwe a Park, Field ndi Beach, ndipo tracking imayatsidwiratu pa makonzedwe ofunira golide okha. Makina otchipa osasinthika nawo sapambanidwa kwambiri ndi odula pamchenga wotere.

Mchenga suli umodzi

Pali zinthu zitatu zimene zimabwezeretsa kufunika kolinganiza. Choyamba ndi mchere. Mchenga wouma wa kumtunda kwa gombe la nyanja yamchere ukhoza kukhala chete, koma ukanyowa ndi madzi amchere umalola magetsi kudutsa, ndipo makina a VLF a funde limodzi amayamba kulira paliponse. Apa pamafunika makonzedwe a Beach, makina a mafunde angapo, kapena a mtundu wa pulse induction. Gombe la Nyanja ya Malawi lilibe vutoli poti madzi ake ndi opanda mchere.

Chachiwiri ndi mchenga wakuda, umene mafunde a madzi amausanja m'mizere, nthawi zina pansi pa mchenga woyera. M'madera a Makanjira ndi Chipoka muli mchenga wolemera wokhala ndi ilmenite, ndipo pamalo otere maonekedwe a pamwamba sangadaliridwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: maginito akakwekwesedwa pamchenga n'kutuluka ndi tinthu takuda tambiri, makina ayenera kulinganizidwa.

Chachitatu ndi zotsala za anthu. Zidutswa za njerwa zowotcha, mapale ndi malo amene pankasonkhedwa moto zimamveka, chifukwa kutentha kumasandutsa dzimbiri la m'dothi kukhala maghemite.

Zoyenera kusintha m'malo mwake

Popeza dothi silisokoneza, mphamvu yomvera ya makina ikhoza kukwezedwa kuposa mmene zingathekere pa katondo. Malire amabwera ndi zinthu zina: mawaya a magetsi, foni ya m'thumba ndi makina a munthu wina amene ali pafupi. Phokoso la zinthu zimenezi limapitirira ngakhale mbale itaimikidwa m'mwamba osagwedezeka, pomwe phokoso la dothi limamveka pokhapokha mbale ikuyenda pafupi ndi pansi. Mankhwala a phokoso la zinthuzi ndi kusintha tchanelo kapena kutsitsako mphamvu yomvera, osati kukhudza ground balance.

Mphamvu yowonjezerayo imafunikadi, chifukwa mumchenga wofewa zinthu zolemera monga mphete zagolide zimamira mpaka zitakafika pa dongo kapena pa miyala. Wofufuza ayese mbale kamodzi pofika ndiponso pamene mtundu kapena chinyezi cha mchenga chasintha. Kamawu kakapanda kusintha, asiye makina mmene alili.