Mavwende ndi abale ake: banja limodzi, zochokera kosiyana

Chivwende, dzungu, nkhaka, chipwete, mphonda ndi chinkhupule ndi mbewu za banja limodzi, limene akatswiri a zomera amalitcha Cucurbitaceae. M'banjali muli mitundu pafupifupi 1,000. Zambiri mwa izo zimayanga pansi kapena kukwera mitengo, ndipo zimabereka maluwa aamuna ndi aakazi padera pa chomera chimodzi.

Mavwende

Chivwende chofiira mkati, Citrullus lanatus, kwawo ndi kuno ku Africa. Zithunzi za m'manda akale a ku Egypt zikuonetsa kuti anthu ankachidziwa zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo kafukufuku wa 2021 anapeza kuti mbale wake wapafupi ndi chivwende choyera mkati cha ku Kordofan, m'dziko la Sudan. Magawo 92 mwa 100 aliwonse a chipatsochi ndi madzi. Lero dziko la China ndilo limakolola mavwende ochuluka koposa. Mavwende opanda njere anachokera ku ntchito ya katswiri wa ku Japan, Hitoshi Kihara.

Palinso gulu lina la mavwende onunkhira, Cucumis melo, lomwe pa chibale lili pafupi ndi nkhaka kuposa chivwende chofiira. M'gululi muli cantaloupe wa khungu la mizeremizere ngati ukonde, honeydew wosalala, Galia amene anapangidwa ku Israel m'zaka za m'ma 1970, ndi Hami wa ku Xinjiang, ku China.

Maungu, nkhaka ndi mphonda

Ngakhale nkhwani wotendera ndi ndiwo ya makolo athu, dzungu ndi mlendo. Linayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo linafika ku Africa chitadutsa chaka cha 1492. Nkhaka za m'masitolo kwawo ndi ku India, pamene chipwete cha minga ndi cha kuno.

Mphonda nayo ndi ya mu Africa. Ikakhala yanthete imadyedwa. Ikakhwima n'kuuma imasanduka chikho, chipanda kapena nsupa. Ku Nigeria, njere za mtundu wina wa chivwende, zotchedwa egusi, amazisinja n'kutendera ndiwo monga momwe ife timachitira ndi nsinjiro.

Zoyenera kusamala

Mbewuzi zimadalira njuchi kuti zinyamule mungu kuchoka pa duwa lalimuna kupita pa lalikazi. Mlimi wopopera mankhwala m'mawa, maluwa atatseguka, amapha njuchizo, ndipo zipatso zimayoyoka zikadali zazing'ono kapena zimakula zopindika.

Chivwende sichikwatirana ndi dzungu ngakhale zitabzalidwa phando limodzi. Koma mitundu iwiri ya mavwende ofiira ikayandikana imasakanikirana, ndipo zotsatira zake zimaoneka chaka chamawa, pa mbewu yosungidwayo.

Chenjezo lalikulu ndi la kuwawa. Mphonda, nkhaka kapena dzungu likawawa kwambiri, ndiye kuti lili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa cucurbitacin, amene amayambitsa kusanza, kupweteka kwa m'mimba ndi kutsekula. Kuphika sikumuthetsa. Chipatso chotere chitayidwe, njere zake zisasungidwe, ndipo amene wadya n'kuyamba kudwala athamangire kuchipatala.