Madzi ndi Magetsi: Mbiri ya Soketi ya M'bafa

Munthu amene adagonapo m'nyumba yamagetsi kuno kwathu adaonapo kanthu kena, ngakhale mwina sadafunse chifukwa chake. Kuchipinda chochezera kuli masoketi, kukhitchini nako aliko, koma mukaloŵa m'bafa khoma lili see! Swichi ya getsi la m'bafamo kaŵirikaŵiri imakhala kunja kwa chitseko, apo ayi ndi kachingwe kolendeŵera kuchokera kudenga. Sikuti amisiri athu adaiŵala ayi. Chizoloŵezichi tidachilandira kuchokera ku Britain pamodzi ndi pulagi ya mano atatu ija, ndipo ku Britain soketi wamba idali yoletsedwa m'chipinda chosambira kwa zaka zambirimbiri. Tsono chodabwitsa n'chakuti ku United States lamulo limanena zosiyana kotheratu. Kumeneko nyumba yatsopano ikapanda soketi pafupi ndi beseni losukusulira, woyendera nyumba saivomereza. Nanga zidatheka bwanji kuti anthu oopa ngozi imodzimodzi ayankhe mosiyana chotere?

Tiyambe ndi ngoziyo. Chimene chimapha munthu ndi kuchuluka kwa nyesi yodutsa m'thupi, makamaka ikadzera pamtima, ndipo nyesiyo imayezedwa m'ma milliampere. Khungu louma ndi mpanda wolimba ndithu: nyesi imavutika kuliboola. Koma khungu likanyoŵa mpandawo umagwa, kotero kuti thupi lonse limatsala ndi mphamvu yotchinga ya ma ohm 1,000 okha kapena pafupi pamenepo. Pa magetsi a ku America, a ma volt 120, ndiye kuti m'thupi mungathe kudutsa ma milliampere 120. Pa magetsi athu a ma volt 230 mungadutse 230. Chonsecho ma milliampere 50 mpaka 100 ngokwanira kusokoneza kugunda kwa mtima. Onjezerani pamenepo kuti wosamba ali wopanda nsapato, waponda simenti yonyoŵa, ndipo mpopi wachitsulo woloŵa m'nthaka uli pafupi ndi dzanja lake. M'nyumba monse mulibe malo ena pamene nyesi ingapeze njira yosalala chotere.

Wina anena kuti, "Kodi si ntchito ya fyuzi imeneyo?" Iyayi. Fyuzi ya m'pulagi imapsa nyesi ikapitirira ma ampere 13, ndiye kuti ma milliampere 13,000. Munthu angathe kufa fyuziyo osafunda n'komwe. Fyuzi idapangidwa kuti iteteze waya kuti asayake, ndipo apa mpamene mbiri ya malamulo a magetsi imaonetsa mtima wa eni ake. Malamulo oyamba a ku Britain adalembedwa mu 1882, ndipo mutu wake weniweni udanena za kupeŵa moto. Buku la malamulo la ku America, National Electrical Code, lidatuluka koyamba mu 1897, ndipo pakati pa amene adalilimbikira padali makampani a inshuwalansi, amene adatopa ndi kulipira nyumba zopsa. Kuyambira 1911 bukuli lili m'manja mwa National Fire Protection Association, bungwe limene dzina lake lomwe likunena za moto. Kunena mosapsatira, katundu adayamba kutetezedwa, munthu adadza pambuyo. Komabe tisaŵaweruze mopitirira: chida chotha kumva kanyesi kochepa kodutsa m'thupi la munthu padalibe.

Chidachi chidabadwira kufupi ndi kwathu kuno kuposa mmene ambiri amaganizira. M'migodi ya golide ya ku South Africa, komwe agogo athu ambiri adakagwira ntchito pa Wenela, magetsi ndi chinyontho zinkakhalira pamodzi pansi pa nthaka, ndipo ngozi sizinkasoŵa. Mu 1955 injiniya wina, Henri Rubin, adapanga makina odula magetsi akangoyamba kutayikira m'nthaka. Oyambawo ankadula pa ma milliampere 250, koma posakhalitsa adapanga ena omva msanga. Mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba mwake m'mudzi wa pamgodi wa Stilfontein, makina odula pa ma milliampere 20 adaikidwa m'nyumba mazana angapo za m'mudzimo mu 1957 ndi 1958.

Nzeru yake njosavuta kuimvetsa. Nyesi imatuluka ndi waya mmodzi nkubwerera ndi waya wina, monga ana opita kusukulu m'maŵa nkubwerako madzulo. Chidacho chimangoŵerenga: otuluka ndi obwerera achuluke chimodzimodzi. Akapereŵera, ndiye kuti ena adzera njira ina, ndipo njira inayo mwina ndi thupi la munthu. Pompo chimadula magetsi, munthu asadaphethire n'komwe.

Koma tsono chidule pa mlingo wanji? Funso limeneli adalimbana nalo Charles Dalziel, mphunzitsi wa pa yunivesite ya California ku Berkeley. Iye adapempha anthu odzipereka kuti agwire waya, namawonjezera nyesi pang'onopang'ono mpaka pamene dzanja lidakana kutambasuka. Pajatu nyesi imakunga minofu, kotero kuti wogwidwayo amafumbata zolimba chinthu chomwe chikumuphacho. Amene adaonapo munthu wogwidwa ndi magetsi amadziŵa zimenezi. Dalziel adapeza kuti, pongoyerekeza pakatikati, amuna amalephera kutaya waya pa ma milliampere 16, akazi pa 10.5. Mu 1961 adapanga chida chake chimene Amereka amachitcha GFCI. Za masiku ano zimadula nyesi yotayika ikafika pakati pa ma milliampere 4 ndi 6, ndiye kuti munthu akadali ndi mphamvu yotaya chimene wagwira.

Chida kupezeka ndi nkhani ina, kuloŵa m'lamulo ndi inanso. Buku la malamulo lija limakonzedwanso zaka zitatu zilizonse, ndipo GFCI idaloŵamo mokwaŵa, khomo ndi khomo. Mu 1968 idalamulidwa pa magetsi oŵala pansi pa madzi m'maiŵe osambira. Mu 1971 lamulo lidafika pa masoketi a pafupi ndi maiŵewo ndi a kunja kwa nyumba. Bafa lidafikiridwa mu 1975, galaja mu 1978, ndipo masoketi a pafupi ndi sinki ya kukhitchini adadikira mpaka 1987. Odandaula sadasoŵe: ena ankati chidacho nchodula mtengo, ena ankati chimazimitsa magetsi popanda chifukwa, ndipo kunena zoona zoyambazo zidalidi ndi vuto limenelo. Koma taŵerengani zaka: kuchokera 1961 kufika 1975 ndi zaka 14, ndipo m'zaka zonsezo anthu ankasamba tsiku ndi tsiku.

Chimene chidaumiriza nkhaniyi ndi kusintha kwa moyo wa m'nyumba. Kale bafa la ku America linkangofuna kasoketi kamodzi ka makina ometera ndevu, ndipo nthaŵi zambiri kankakhala pa getsi la pamwamba pa kalilole. Kenaka kudadza makina a m'manja oumitsira tsitsi, zitsulo zopotera tsitsi, timawailesi ndi mbaula zamagetsi. Makina oumitsira tsitsiwo akagwera m'madzi ankapha ngakhale ali ozimitsa, malinga ngati pulagi ili m'khoma, ndipo ambiri mwa ofawo adali ana. Popeza nyumba zakale zidalibe GFCI, chitetezo chidaikidwa pa makina enieniwo: kuyambira 1991 makina ovomerezeka oumitsira tsitsi ku America amakhala ndi kabokosi pa pulagi kodula magetsi akagwera m'madzi, kaya ngoyatsa kaya ngozimitsa.

Apa mpamene ine ndimaona nzeru ya olemba malamulo a ku America. Iwo adavomereza kuti munthu ndi munthu. Mukam'mana soketi m'bafa, sasiya kuumitsa tsitsi pa kalilole. Amangokoka ekisitenshoni kuchokera kuchipinda chogona, nkuiyala pansi ponyoŵa, ndipo ekisitenshoniyo ilibe mlonda aliyense. Nchifukwa chake lamulo lao limalamula kuti soketi ikhalepo, isatalikire masentimita 90 kuchokera m'mphepete mwa beseni, kuti chingwe chisachite kudutsa chipinda chonse. Limalamulanso kuti masoketi a m'bafa akhale pa mzere wa ma ampere 20 wosagaŵana ndi zipinda zina, popeza makina oumitsira tsitsi amadya magetsi kwambiri. Koma pamene pali posambira penipeni mpoletsedwa: buku la 2020 lidaika malire a masentimita 90 m'mbali ndi mamita 2.5 m'mwamba kuchokera m'mphepete mwa bafa logonamo kapena pakhomo pa shawa. Motero munthu amapatsidwa chimene akufuna, pamalo pamene ngozi njochepa, ndiponso mlonda ali pomwepo.

Ku Ulaya nako maliro adaphunzitsa anthu kuti soketi si mdani yekhayo. Pa 11 Malichi 1978 woimba wotchuka wa ku France, Claude François, adafa m'bafa la kunyumba kwake ku Paris atagwira getsi la pakhoma thupi lili lonyoŵa. Malamulo a masiku ano a ku Ulaya amagaŵa chipinda chosambira m'zigawo, kuyambira m'madzi mwenimwenimo kunka kunja, ndipo chigawo chilichonse chili ndi zida zake zololedwa, magetsi ounikira omwe.

Britain idakhala pa njira yake yoletsa nthaŵi yaitali. Soketi yokhayo yololedwa idali ya makina ometera, imene ili ndi thiransifoma yakeyake mkati yolekanitsa wometayo ndi magetsi a nyumba yonse. Njirayi idapulumutsa anthu, ndipo pa ma volt 230 kuopa kwao kudali ndi maziko. Koma mu 2008 malamulo ao, otchedwa BS 7671, adalola soketi wamba m'bafa ngati ili mamita 3 kuchokera posambira, nalamula kuti mizere yonse ya magetsi ya m'chipindamo itetezedwe ndi chida chodula pa ma milliampere 30, chimene iwo amachitcha RCD. Mu 2022 mtundawo adauchepetsa kufika pa mamita 2.5. Mabafa ambiri ngaang'ono, kotero kuti soketiyo imasoŵabe malo. Komabe zikuoneka kuti maiko aŵiriŵa akuyandikana, ndipo akukumana pa chida chija choŵerenga nyesi.

Pali mpata umodzi umene lamulo lililonse lotere limasiya. Limagwira nyumba yomangidwa kapena kukonzedwa lamulolo litakhazikitsidwa. Silibwerera m'mbuyo kukagogoda pa zitseko zakale. Ku America nyumba ya mu 1960 ingathe kukhalabe ndi soketi yake yakale mpaka tsiku limene idzasinthidwe, ndipo pamenepo mpamene lamulo limati yatsopanoyo ikhale ndi GFCI. Ndiye kuti otetezedwa mochedwa ndi okhala m'nyumba zakale ndi za lendi, anthu amene alibe mawu pa mawaya a m'khoma.

Kwathu kuno tidalandira khoma lopanda soketi lija, koma nyumba zambiri zakale zilibe mlonda wachiŵiriyo. Tsono khoma lopanda soketi sililetsa mtsikana wa kusekondale kutenthetsa madzi osamba ndi kachitsulo kamagetsi koviika m'ndowa, nkupisamo chala kuti amve ngati afunda. Sililetsa mnyamata kuloŵa m'bafa ndi foni ili pa chaja cha pa ekisitenshoni. Akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Bambo kapena mayi wa panyumba angathe kupita pa bokosi la maswichi, kumene mawaya a nyumba yonse amayambira, nkuyang'ana ngati pali swichi yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Ngati palibe, mmisiri wa magetsi wovomerezeka angathe kuiika. Ngati ilipo, kabataniko nkofunika kukadina nthaŵi ndi nthaŵi, pakuti chida chokhala zaka osagwedezeka chimatha kuuma. Mukadina magetsi ayenera kuzima nthaŵi yomweyo. Akapanda kuzima, itanani mmisiri tsiku lomwelo, ndipo kufikira atabwera madzi osamba atenthetsedwe pamoto.